Goloboyi Wachitatu wa ku Ivory Park

Tsiku limene dotolo anamuuza Omega Maliki kuti za mpira aiwale, kunja kunali chisanu cha mu Juni, chija cha ku Joni chong'amba milomo. Anatuluka m'chipatala ndi ndodo ziwiri m'khwapa, bondo lakumanja atalimanga mpaka m'ntchafu. Pageti panalibe womudikira. Timu ya mu ligi yachiwiri imene inamutenga ku Balaka kuti azidzagwira pagolo inali itamulembera kale kalata yomutsanzika. Anali ndi zaka 27.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi zinthu zitakuthinani, khalani nane pang'ono. Munthu ameneyu anafika pamene mwafikapo, mwinanso kupitirira.

Pasanathe mwezi anamutulutsa m'nyumba ya timu. Iye, mkazi wake Felesita ndi mwana wawo Glory, yemwe anali ndi zaka ziwiri, anakapeza kachisakasa ka malata ku Ivory Park, kuseri kwa nyumba ya munthu wina. Felesita anapeza ntchito ya m'nyumba ku Midrand. Ankanyamuka m'mamawa, mwana n'kumusiya kwa mayi wina woyandikana naye. Omega ankatsala chigonere, maso ali kudenga. Kumudzi anthu anali akunenabe kuti mwana wa a Maliki akusewera mpira ku Joni. Foni ikalira, ankangoyiyang'ana mpaka isiye yokha.

Zinakhala choncho miyezi isanu. Tsiku lina Felesita atabwera kuntchito anamupeza asanasambe, chakudya cha masana chili chivundikirire pomwe anachisiya. Anakhala pansi osavula ndi nsapato zomwe.

"Bambo a Glory, kudyetsa munthu wodwala ine sindidandaula. Koma kukhala ndi maliro m'nyumba tsiku ndi tsiku, zimenezo sindingathe."

 M'mawa mwake Omega anatenga ndodo zake, n'kuyenda mpaka kumpopi wa madzi ndi kubwerera. Anafika thukuta lili kamukamu ngati wachokera kudimba.

Anayambira pamenepo. Anadzaza mchenga m'chidebe, n'kumachikweza ndi mwendo wovulalawo atakhala pampando. Atataya ndodo, anapeza ganyu yotsuka matakisi ku Tembisa. Chaka chachiwiri anayamba kuthamanga pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu. Chaka chachitatu anayambanso kugwira pagolo Lamulungu, pabwalo la fumbi ndi timiyala pamene Amalawi ndi anzawo a ku Zimbabwe ankachotserapo kutopa kwa sabata. Ankabwera kunyumba zigongono zitanyuka. Panalibe amene ankamulonjeza kanthu. Ankangogwira, chifukwa ndi chokhacho chimene ankachidziwa bwino padziko lapansi.

Pabwalo lomwelo ndi pamene anamuonera a Oswell, mkulu wina wa ku Chipata ku Zambia, amene ankaphunzitsa magoloboyi ku Kaalfontein Rovers. Timuyo inali itangokwera kumene kulowa mu ligi yaikulu ya dzikolo. Anamuonera Lamulungu atatu asanamulankhule.

"Mwana wakwathu, sindikunamiza," anatero a Oswell. "Tili ndi magoloboyi awiri, tikufuna wachitatu. Gemu sudzasewera. Ntchito yako ikhala kuima pagolo kuti anzako aziphunzirirapo kuchinya. Ukufuna?"

"Ndikufuna, a Kochi."

"Nanga bondo lomwe umalinyengererali?"

"Likumva."

Timu inamukonzera mapepala ogwirira ntchito, ndipo anasaina chaka chimodzi. Apa n'kuti ali ndi zaka 31.

Ligi inayamba mu Ogasiti. Matimu anali 16, magemu 30, ndipo kumapeto kwake nkhwangwa inkadikira amene atsalire pansi. Rovers inayamba moipa. M'magemu khumi oyamba inapambana imodzi yokha. Mphunzitsi wamkulu anachotsedwa mu Novembala, amene anabwera m'malo mwake sanafike Febuluwale. M'chipinda chovaliramo anyamata anasiya kuseka. Aliyense ankavala mwakachetechete, ena akulankhula pafoni ndi anthu owafunira matimu ena.

Omega ngakhale pabenchi sankakhala. Tsiku la gemu ankakhala kumtunda pamodzi ndi ochemerera, atavala jekete ya timu imene palibe ankamuzindikira nayo. Koma m'kati mwa sabata ankakwera matakisi awiri kupita kokonzekera, n'kufika anzake asanafike. Ankamuwomba mipira mazanamazana, ina kumaso, ina m'mimba. Anyamatawo dzina lake sankalidziwa bwino. Ankangoti "Madala," ena "Malawi." Akafika kunyumba, bondo linkakhala litatupa ngati papaya, Felesita n'kumaliika madzi oundana m'thumba la pulasitiki.

Mu Febuluwale goloboyi woyamba anathyoka phewa. Sabata yotsatira wachiwiri anamenya mnzake mbama m'bwalo, n'kupatsidwa kadi yofiira ndi chiletso cha magemu atatu. Kunatsala Omega. Timu inali pa nambala 16, pansi penipeni, magemu otsala ali 11.

Gemu yake yoyamba mu ligi yaikulu inali pakwawo, ikuonetsedwa pa TV dziko lonse. Mphindi makumi awiri zoyamba zinayenda bwino. Kenako wotchinga kumbuyo wina anamubwezera mpira wofewa, woti ndi mwana yemwe akanauimitsa. Omega anadzutsa mutu kuti aone woti amupatsire. Mpira unadutsa kunsi kwa phazi lake, n'kugubuduka pang'onopang'ono mpaka mu ukonde. Anauthamangira, koma mwendo sunamulole. Tsiku limenelo anagonja 3-0.

Potuluka m'bwalo, mabotolo anayamba kugwa. Limodzi linamupeza pakhosi. Anamva mawu amene mlendo aliyense ku Joni amawadziwa: "Kwerekwere, bwerera kwanu." Apolisi anachita kumutchinga mpaka m'chipinda. Mmenemo palibe anamuyang'ana.

Pofika Lamulungu, vidiyo ya chigolicho inali pafoni ya aliyense, ataiikanso nyimbo yoseketsa. Omega anakwera takisi, ndipo anthu awiri amene anakhala naye mpando umodzi ankaionera mobwerezabwereza, akufa nazo ndi phwete, osadziwa kuti mwini wake ali nawo phewa ndi phewa. Ku Balaka nako inafika. Amene anakhala zaka zinayi osamufunsa za bondo, tsiku limenelo anamukumbukira.

Lolemba sanapite kokonzekera. Masana Glory anabwera kusukulu yunifolomu itang'ambika paphewa. Anali atamenyana ndi anzake.

"Adadi, akuti ndinu amene mwagwetsa timu. Akuti Amalawi sitidziwa kanthu. N'zoona?"

Omega anamuyang'ana mwanayo. Anatuluka panja, n'kukakhala pamwala kuseri kwa chisakasa. Mumtima anali atamaliza kale: abweza jekete ya eni ake, abwerera kukatsuka matakisi, kumene munthu akalakwitsa amadziwa ndi dalaivala mmodzi yekha.

Pamwala pomwepo ndi pamene a Oswell anamupeza chakumadzulo, atafunsira njira kwa anthu mpaka kufika. Sanapereke moni wautali.

"Lero sitinakuone."

"A Kochi, ndakuchititsani manyazi. Pezani wina."

"Wina ndimutenga kuti? Zolembetsa osewera zinatsekedwa kale." Anakhala pa chidebe chimene Felesita anawabweretsera. "Ine ndagwira pagolo zaka 16. Palibe goloboyi amene alibe chigoli chake chamanyazi. Changa ndinachinyitsa ku Kitwe, apongozi anga ali m'bwalo. Mwayi wanga unali woti nthawi imeneyo kunalibe mafoni."

Omega sanaseke.

"Tamvera," anapitiriza a Oswell. "Ukasiya lero, dziko lino lidzakudziwa ndi vidiyo ija basi. Mwana wako adzakula nayo. Ukabwera mawa, sindikulonjeza kuti tipulumuka, koma anthu adzakhala ndi china chonena. Tiyamba 8 koloko."

Anadzuka, natsanzika Felesita, n'kumapita.

Lachiwiri Omega anafika isanakwane 7. A Oswell anamubwezera mipira ya kuphazi kwa ola lathunthu, yofewa ngati ija, kufikira atayamba kuiimitsa osaphonya.

Gemu yotsatira anakalepherana 1-1 koyenda. Ochemerera a timu inayo ankaimba mluzu nthawi iliyonse mpira ukabwerera kwa iye. Gemu yachitatu anapambana 1-0, Omega atabweza mipira isanu ndi iwiri yoti ikanalowa. Goloboyi wachiwiri uja atamaliza chiletso chake, mphunzitsi anamusiya pabenchi.

Musaganize kuti zinthu zinasintha ngati m'maloto. Anagonjanso magemu anayi, ina mpaka 4-1. Manyuzipepala anali atawaika kale m'manda. Koma apa ndi apo ankatola poyinti, ndipo pang'onopang'ono anachoka pansi penipeni.

Bondo ndilo linali likuipiraipira. Sabata iliyonse dotolo wa timu ankalipopa madzi ndi jakisoni. Anamuuza poyera kuti mkatimo zinthu zatha, fupa likukhuzana ndi fupa linzake. Felesita anamva zimenezi, ndipo sanazitenge mopepuka.

"Mukufuna muzidzayenda ndi ndodo musanakwane zaka 40? Timu imeneyi ikadzakutayani, wokunyamulani ndine."

"Mayi a Glory, ndiloleni ndimalize ligi yokhayi. Ikatha, chimene munene ndidzamva."

 Felesita anangopitiriza kumumanga bondolo.

Gemu yomaliza inali mu Meyi, pakwawo. Nkhani inali yachidule: kulepherana kunali kupulumuka, kugonja kunali kutuluka mu ligi. Ndipo timu ikatuluka, satuluka osewera okha. Ochapa yunifolomu, otchetcha bwalo, amayi ogulitsa nyama yowotcha pageti, onsewo ankadziwa kuti ntchito zawo zili pa mphindi 90 zimenezo. Felesita anapempha tchuthi kwa abwana ake, n'kubwera ndi Glory. Kanali koyamba kuti awiriwa alowe m'bwalo la ligi yaikulu.

Chigawo choyamba chinatha 0-0. Chachiwiri, alendo anawapanikiza mpaka anyamata a Rovers osawoloka n'pakati pomwe. Pa mphindi 81 kunabwera kona. Omega analumpha n'kuugwira mpira m'mwamba, koma potera, womwetsa zigoli wa timu inayo anamugwera pamwendo. Anamva kuti thyo mkati mwa bondo. Anadziwa kulira kwake, chifukwa anali atakumvapo kale.

Dotolo anathamangira m'bwalo, nagwira bondolo, n'kupukusa mutu.

"Madala, basi. Tuluka."

"Tasintha angati?"

"Onse asanu."

Izi zinatanthauza kuti akatuluka, magolovesi avala wosewera wamba amene sanagwirepo pagolo chibadwire, ndipo timu itsala ndi anthu khumi.

"Mangani zolimba," anatero Omega. "Ndiima."

Anaima. Kumenya mpira sakanatha, moti wotchinga kumbuyo ndiye ankamumenyera. Alendo anaona kuti goloboyi ali ndi mwendo umodzi, n'kuyamba kuwomba ali patali. Woyamba unamupeza pachifuwa, naukumbatira. Wachiwiri unapita pamwamba. Woyimbira anawonjezera mphindi zisanu. Mphindi yachinayi mwa zimenezo, mpira unabwera wapansi, wamphamvu, kulowera kukona yakumanja, mbali imene munthu amadumphira ndi mwendo womwe unali utathyokawo. Omega anadziponya. Zala zake zinaukhudza pang'ono chabe, mpira n'kumenya chitsulo, n'kutuluka.

Wenzulo yomaliza italira, iye anali chigonere pa kapinga. Bwalo lonse linali likuimba, ndipo kwa nthawi yoyamba ankaimba dzina lake lenileni. Iye sanamve zambiri. Ululu unali utamutseka makutu. Anamunyamula pa machira, anzake akuthamanga m'mbali mwake, ena akulira. Felesita anadzamuuza pambuyo pake kuti mphindi khumi zomalizazo sanazione. Anali ataweramira pansi, nkhope ili m'chitenje, Glory ndiye ankamuuza zimene zikuchitika.

Rovers inathera pa nambala 14, n'kukhalabe mu ligi.

Omega anachitidwa opaleshoni yachiwiri, ndipo sanasewerenso mpira. Moyo wake wonse, magemu ake mu ligi yaikulu ndi 11 omwewo. Mpaka lero amatsimphina, ndipo masitepe amakwera atagwira chitsulo. Zimene mkazi wake ankaopa, zina mwa izo zinachitikadi.

Koma timu sinamutaye. A Oswell, amene anali atatopa ndipo ankafuna kubwerera ku Chipata, anakauza akuluakulu kuti wolowa m'malo mwawo asakamufune kutali. Anamutumiza ku maphunziro a uphunzitsi, ndipo chaka chotsatira Omega Maliki anakhala mphunzitsi wa magoloboyi a Kaalfontein Rovers. Banja lake linachoka m'chisakasa muja, pano likukhala m'nyumba ya njerwa ku Tembisa. Goloboyi wake akachinyitsa chigoli chopusa, Omega samudikira kuti abwere yekha. Amapita kunyumba kwake.

Inu amene mwagwa anthu akuona, amene dzina lanu lasanduka choseketsa pakamwa pa anzanu, sindikuuzani kuti mudzapeza zonse zimene munataya. Omega sanapeze zonse. Koma tsiku limene munalakwitsa lisakhale tsiku lomaliza limene anthu anakuonani. Mawa kukacha, dzukani, sambani, pitani pamalo panu ngakhale mukutsimphina. Mtima wokhawo musautaye.