Chinkhwe chanu chinkadya bwino kuposa inu

Ababa, lero ndaona mapapaya pamsika wa pa Boma, mtima wanga wawiranso. Tsiku limene apolisi anadzakutengani, munthu wina atakunenezani kuti munanyoza khadi la chipani, munali pakhonde mukudulira chinkhwe chanu papaya. Munandipatsira mpeni n'kunena kuti, "Saidi, usamachipatse mtedza wokhawokha, chingathothoke nthenga. Uzisinthasintha, lero gwafa, mawa mpunga wosapuntha kapena chimanga chachiwisi." Mawu anu otsiriza kwa ine anali omwewo.

Ndinamvera, ndipo mbalameyo inakalamba nthenga zake zonse zilipo. Koma inu kundende ankakudyetsani nyemba zofumbwa tsiku ndi tsiku mpaka munatupa miyendo n'kutisiya. Amene anakunenezani uja alipobe, amandipatsa salamu kumzikiti Lachisanu lililonse. Sindimuyankha, ababa, ndipo musandiuze zokhululuka.