Tsiku Limene Matipate Anagwetsa Amayi Maria

Fungo la mtedza wokazinga likangondipeza, ngakhale ndili mu minibasi, ndimawaona agogo a ku Thyolo atakhala pakhonde la kanyumba kawo ku Ludzi, m'boma la Mchinji, atatambasula miyendo, akuswa mtedza m'lichero, nyenje zikulira mumtengo wa mango, utsi wa zitsononkho ukutulukira m'denga la udzu. Sanali agogo anga enieni. Anabwera ndi amuna awo kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya, ndipo amunawo atamwalira anapempha malo kumapeto kwa mudzi wathu n'kumakhala okha, opanda mwana kapena mbale. Dzina lawo linali Esitere, koma palibe ankalitchula.

Mphaka wawo anamutola m'chigafa cha fodya, ali nthiti zokhazokha, chaka chimene aliyense ankakamba za matipate, ndale za zipani zambiri, ndipo anamutcha Matipate chifukwa sankamvera munthu. Atangonenepa anayamba ntchito yake. Ankavundukula poto n'kutha usipa, ankagwetsa koloboyi, ankagona m'lichero la ufa, ndipo tsiku lina anadya anapiye awiri a amayi anga. Amayi atakalipa kuti akamutaye kudambo, agogo anapepesa ndi mbale ya mtedza, n'kungoti, "Walira mvula walira matope, mwanawe."

Koma kuchitsime nkhani inali ina. Nkhalamba yochokera kutali, yokhala yokha, yocheza ndi mphaka ngati munthu, anthu anayamba kunong'onezana kuti ndi mfiti. Mwana wina atadwala, ena ananena poyera kuti abwerere kwawo. Kwawo kuti? Anachokako ali mtsikana, ndipo owadziwa onse anali atatha.

Mwezi wa Okutobala, mphakati wathu, gulu la mabanja achikatolika opempherera limodzi, unkayendetsa chifanizo cha Amayi Maria nyumba ndi nyumba. Chinkagona pakhomo limodzi, mawa lake masana anthu n'kusonkhana pamenepo kupemphera kolona, kenako n'kuchiperekeza kwina. Nyumba ya agogo inkadumphidwa chaka ndi chaka. Chaka chimenecho wapampando watsopano, Mayi Zulu, anaumirira kuti nyumba ndi nyumba basi. Agogo anazira pansi kawiri, anachapa nsalu yawo yakutchalitchi n'kuyala pakatebulo, ndipo chifanizo chitalowa sanafune ngakhale ntchentche iterepo.

Mawa lake ndinapita kukawasesera pabwalo. Dzuwa lili paliwombo, buluzi anathamanga pakhoma m'nyumbamo, Matipate n'kumulumphira kudzera pakatebulo. Tinangomva phu! Titalowa tinapeza Amayi Maria ali chafufumimba pansi, dzanja lamanja lili palokha pafupi ndi mtsuko. Mwini mlandu anali pazenera, akunyambita phazi.

Ndinachita mantha kwambiri, chifukwa ngakhale ndinali mwana ndinkadziwa chimene chikanenedwe: Amayi Maria akana nyumba ya mfiti. Ndinawauza kuti ndithamange ndikatenge solushoni yomatira machubu a njinga ya abambo, timate, palibe adziwe. Agogo anatola dzanjalo, analipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kupukusa mutu.

"Ndikayamba kubisa zinthu m'nyumba muno, ndiye kuti zimene amanenazo n'zoona."

Anthu anabwera ambiri kuposa masiku onse, ena kudzapemphera, ena kudzasuzumira m'nyumbamo. Asanayambe nyimbo, agogo anatuluka atanyamula chifanizo, anagwada pamaso pa Mayi Zulu, anatambasula chikhatho kuonetsa dzanja lija n'kufotokoza zonse, osasiyako ndi buluzi yemwe. Kumbuyo wina ananong'ona kuti si tinanena.

Mayi Zulu anatenga dzanjalo n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Anakanda pothyokapo ndi chikhadabo, ananunkhiza, n'kukweza maso.

"Iyitu ndi solushoni ya njinga, ndipo ndi yakalekale. Anamata ndani?"

Kenako ndinamva chifuwa chimene ndinkachidziwa bwino. Amayi anga, maso ali pansi, anavomera kuti chaka chapitacho dzanjalo linagwa pamene ankapukuta fumbi, ndipo anamata mwakachetechete n'kukhala sabata yonse osaona tulo. Mayi wina anati pansi pa solushoniyo mupezapo utomoni, ndi wake. Mayi Zulu anakandanso, anafika pa phula la kandulo, anayang'ana kumbali, n'kuyamba kugwedezeka mapewa.

"Phulali ndi langa," anatero.

Kuseka kunayambira kwa azimayi n'kufalikira bwalo lonse, mpaka amene ananong'ona uja anabisa nkhope m'chitenje. Dzanja limenelo linali litathyoka pafupifupi m'nyumba iliyonse, aliyense n'kumadziona ngati wochimwa yekha. Agogo sanaseke. Anangokhala pansi pomwe anagwadapo, misozi ikuyenderera, akupuma ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni. Kolona ya tsiku limenelo inayenda mokhotakhota, chifukwa Matipate anabwera kudzagona pakati pa mkeka ndipo palibe anali ndi mphamvu zomuthamangitsa.

Manong'onong'o sanathe tsiku limodzi, koma zoti abwerere kwawo sindinazimvenso. Amayi anayamba kundituma ndi ndiwo kumapeto kwa mudzi, ndipo chifanizo sichinadumphenso khomo limenelo. Matipate anakalamba akubabe usipa.

Agogo atamwalira, azimayi a mphakati ndiwo anasambitsa thupi, amuna a m'mudzi anakumba manda, ndipo palibe anafunsa ngati kuli abale oti adzawatenge. Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, ndipo chinthu chikandithyokera m'manja ndimanena ndisanafunsidwe. Mwezi wa Novembala, pokumbukira akufa, ndimakwera minibasi ya ku Mchinji ndi khasu langa laling'ono. Kumanda kwathu ndimalambula mitumbira iwiri yoyandikana, wa amayi anga ndi wa agogo Esitere.