Mazira M'chijasi cha a Mlonda

Anthu amawatchulabe kuti a Mlonda ngakhale ntchito ya ulondayo anaisiya kalekale. Zaka makumi awiri ndi ziwiri anakhala pageti ya nyumba yosungiramo katundu m'tauni, ndipo atapuma ntchito anabwerera kumudzi ndi zinthu ziwiri zooneka ndi maso: mawondo olira akamadzuka, ndi chijasi. Chijasicho ndiye chinali chijasi. Chinali chakuda, cholemera, chofika m'akakolo, cha mabatani achitsulo, ndipo mkati mwake munali matumba awiri aakulu mmene kale ankasungamo tochi ndi wenzulo. Chisanu chikangoyamba, udzu n'kumayera m'mawa, a Mlonda ankalowa m'chijasimo. Ukawaona akutsikira kudimba umangoona chijasi chikuyenda chokha, kachipewa kaubweya kali pamwamba.

Ulimi wawo unali wapang'ono: kamunda ka chimanga, dimba la masamba kumunsi kwa dambo, ndi mbuzi ziwiri zosamva. Pa zonsezi a Mlonda ankalankhula ngati mwini. Koma pa nkhuku ankatseka pakamwa, poti nkhuku zinali za akazi awo. Zinali za kameta, zija za khosi lopanda nthenga, lofiira psu. Amayiwa anabwera ndi msoti umodzi ndi katambala m'dengu pamene ankalowa m'banja, mphatso ya malemu mayi awo, ndipo kuyambira pamenepo mtunduwo sunathe pakhomopo. Zaka zonse zimene bambo ankalondera katundu wa eni ake, nkhukuzo ndi zimene zinkagula sopo, makope ndi majuzi a ana. Amayiwa ankadziwa thadzi lililonse, mayi wake ndi agogo ake omwe. Akayamba kuzitchula umaganiza kuti akuwerenga abale.

Chaka chimenecho chisanu chinabwera ndi zachilendo. Njiwa zinayamba kugwa zokha m'mitengo. Munthu wina wodula udzu anapeza nkhanga zitatu zitafa pamalo amodzi m'mphepete mwa dambo, zopanda bala lililonse. A Mlonda nkhaniyi anaimva, koma anaitenga ngati ya kutchire, yosakhudza pakhomo pa munthu.

Masiku amenewo akazi awo anali atapita kukaona mwana wawo wamkazi amene anali atangochira kumene. M'mawa wina a Mlonda akuchokera kudimba anaona nkhanga itakhala pansi pa chitsamba, mapiko atagwa, ikusinza. Nkhanga yabwinobwino sidikira munthu, ndipo zimenezi a Mlonda ankazidziwa monga aliyense. Koma mtima unawanamiza. Anati yangozizidwa chabe, ichira, idzaikira mazira, nawonso akhale ndi chiweto chawo cha nthenga pakhomopo, asamangoonerera za mayi. Anaiika m'dengu pamwamba pa masamba, ndipo atafika kunyumba anaitsekera m'khola limodzi ndi nkhuku kuti ifundidwe. Mawa lake anaipeza itauma gwa. Anakaikwirira kuseri kwa chulu mwakachetechete, n'kusamba m'manja, n'kuganiza kuti zatha.

Amayi atabwerako panapita masiku awiri okha. Tambala wamkulu sanalire m'mawa. Anangoima pakati pa bwalo, mapiko pansi, khosi litapindikira kumbuyo. Pofika masana matadzi atatu anali akusinza, akutsegula m'mimba zobiriwira. Amayi anatumiza uthenga kwa mlangizi wa ziweto, mtsikana wolankhula pang'ono amene ankayendera midzi yonseyo pa njinga. Iye atangoyang'ana ananena kuti ndi chitopa, ndipo anafunsa ngati panafika mbalame yachilendo pakhomopo. Amayi anakana kwamtuwagalu. A Mlonda anayang'ana mabatani a chijasi chawo kanthawi, kenako anaulula zonse, kuyambira pachitsamba mpaka kuseri kwa chulu.

Akanakonda amayiwo akanakalipa, mwina n'kuwaponyera chikho. Sanatero. Anangowayang'ana n'kunena kuti, "Bambo, amayi anga mwawakwirira kachiwiri." Kuchokera pamenepo sanawalankhulenso. Chakudya ankaika pampando n'kuchoka, madzi osamba ankapereka osaitana. A Mlonda anali atazolowera kukhala chete pageti, koma chete wa m'nyumba mwawo anawapweteka koopsa.

Sabata imodzi inakwana kuti nkhuku makumi awiri ndi zisanu ndi imodzi zithe. A Mlonda ndi amene ankakumba maenje, akuya monga mlangizi analamulira, n'kumathira phulusa pamwamba. Inatsala imodzi yokha, thadzi lamawangamawanga limene linkafungatira mazira asanu ndi awiri m'dengu, m'kachipinda kosungiramo makasu ndi mbewu. Mazirawo amayi anawalemba ndi khala tsiku limene analiikira, ndipo masiku ankawerenga pamtima. Onse awiri ankadziwa, osauzana, kuti mtundu wonse wa nkhuku zija watsalira m'dengu limenelo.

Pa tsiku lakhumi ndi chisanu ndi chitatu la kufungatirako, dzuwa litangotuluka, thadzilo analipeza litagoneka mutu pamkombero wa dengu. Linafera pamazira pomwepo, osasuntha. Amayi anaima pakhomo la kachipindako, manja kumbuyo. Ananena motsitsa kuti anatsala masiku atatu okha, osati kwa amuna awo koma kwa khoma, kenako anatenga ndowa n'kumapita kuchitsime. Kubwereka thadzi kwa anansi kunali kosatheka. Mlangizi anali ataletsa, komanso palibe akanalola nkhuku yake kuponda pakhomo pamene padutsa chitopa.

A Mlonda ananyamula thadzi lakufalo n'kuika dzanja pamazira. Anali akadali ofunda. Anaimirira pomwepo, mphepo ikulowa pansi pa chitseko, akumva kufundako kukuchepa pansi pa chikhatho chawo. Sanaganize nthawi yaitali. Anasamba m'manja, anapukuta dzira lililonse ndi kansalu kouma, n'kulilowetsa m'sokosi lakelake. Masokosi atatha anang'amba mpango wakale wa m'khosi. Anavula malaya n'kuvala chijasi pathupi penipeni, mazira anayi m'thumba lakumanzere, atatu lakumanja. Anamanga chingwe m'chiuno kuti mpweya usalowe, anatseka mabatani onse mpaka pakhosi, ndipo anakhala pampando.

Mlangizi atabwera masana anawapeza ali pompo. Anamvetsera, anaseka pang'ono, kenako anasiya kuseka. Ananena kuti zoterezi sanaphunzirepo kusukulu ndipo sangalonjeze kanthu, chifukwa thupi la munthu silifika kutentha kwa thadzi. Komabe anati anapiye akafika masiku amenewo amakhala ayamba kutentha okha m'kati, ndiye mwina botolo la madzi ofunda lingathandize, ofunda oti ungaligunditse patsaya osalichotsa. Pochoka anatembenuka kawiri kuyang'ana chijasicho.

Apa ndi pamene luso lenileni la a Mlonda linaonekera. Moyo wawo wonse ankalumbira kuti sanagonepo pa ntchito, koma tsopano zinadziwika kuti munthuyu amatha kugona atakhala tsonga pampando wopanda chotsamira, osapendekera kumanja kapena kumanzere, mpaka kucha. Zimene mabwana awo akanawachotsera ntchito ndi zimene zinasunga mazira. Masana akafuna kuyenda ankayenda manja atatambasula pang'ono, phazi ndi phazi, ngati wasenza beseni lodzaza. Kutsokomola ankagwira kaye nthiti. Kuwerama anasiyiratu, moti kachipewa katagwa pansi kanakhala pomwepo theka la tsiku.

Nkhani inamveka msanga. Alamu awo, mchimwene wa amayi, munthu amene sanaonepo chinthu n'kuchisiya osachiseka, anabwera dala kudzaona. Anaima patali n'kufunsa ngati a Thadzi adya kale kapena awawazire gaga. Anafunsanso kuti tambala wake ndi uti. A Mlonda anangoti alamu aseke pang'onopang'ono, ana akugona. Alamuwo anaseka mpaka kukhala pansi, koma pochoka anakamangirira mbuzi zija kudambo osapemphedwa.

Amayi sanaseke, sanafunsenso kanthu. Koma m'mawa wa tsiku lachiwiri a Mlonda atadzuka anapeza botolo la madzi lili pambali pa mpando, lodzaza kale, lokulungidwa m'kansalu. Analigunditsa patsaya. Linali lofunda bwinobwino, osapitirira.

Madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa likadali pamwamba pa mitengo, anali atakhala pakhonde pamene anamva kakulira kakang'ono. Anayang'ana kudenga, akuganiza kuti ndi mbewa. Kanalirako kachiwiri, ndipo ulendo uno anamva kuti kakuchokera pansi pa mkono wawo wakumanzere. Anagwira mpweya. M'kati mwa dzira losasweka, lotsekeka mbali zonse, munali kanthu kamoyo kamene kankaitana. Kenako kanagogoda, kamodzi, kawiri, pa nthiti yawo penipeni. A Mlonda anabereka ana asanu, koma palibe mmodzi amene anamumva akugunda m'mimba mwa mayi ake kapena kumuona tsiku lobadwa. Uthenga unkawapeza pageti, mwana ali kale ndi dzina. Tsopano ali ndi imvi, moyo unkawagogoda m'nthiti, ndipo anachita mantha aakulu osakanikirana ndi chimwemwe, moti sanadziwe poika manja. Anayankha motsitsa, akuchita manyazi, polira ngati thadzi. Dziralo linayankhanso.

Amayi anali pafupi, akupeta nyemba. Lichero linaima. Anamvetsera osatembenuka, kenako analankhula mawu awo oyamba kwa amuna awo patatha masiku khumi ndi awiri.

"Avuleni masokosiwo. Abanika."

Anabweretsa juzi yawo yakale yaubweya, anaipinda ngati chisa, n'kuilowetsa m'chijasi pamimba pa a Mlonda, pamwamba pa chingwe chija. Anasamutsa mazirawo limodzilimodzi, lililonse akuliika kukhutu kaye. Awiri anawagwedeza pang'ono n'kuwaika padera, poti anali atasukusa. Asanu anawaika m'chisamo n'kutseka mabatani okha ndi manja awo.

M'mawa wa tsiku lachitatu kunazizira kuposa masiku onse. Madzi a m'ndowa ankaluma zala. A Mlonda anakokera mpando pamene dzuwa limayambira kufika pakhonde, ndipo amayi sanapite kudimba. Anakhala pamphasa pafupi ndi mapazi a amuna awo, akutsegula batani limodzi, kusuzumira, n'kutsekanso msanga. Dzira loyamba linali ndi kabowo, ndipo pakabowopo pankatuluka kamlomo n'kubwerera. A Mlonda anafuna kuthandiza ndi chikhadabo, koma amayi anawamenya padzanja, n'kunena kuti kakathandizidwa kamafa, kaswe kokha. Kanazungulira chigoba chonse pang'onopang'ono, kakupuma, kakuyambiranso, mpaka dzuwa linafika pamutu. Kenako kanakankha ndi miyendo, chigoba chinagawanika, ndipo kanthu konyowa, kotopa, konyansa ndithu, kanagwera pamimba pa a Mlonda. Iwo anakamva kakuterera pakhungu, kamtima kake kakugunda mofulumira, ndipo misozi inatsika yokha mpaka m'ndevu.

Pofika madzulo anapiye anali anayi. Wachisanu anaboola chigoba koma mphamvu zinamuthera, anafera momwemo. Amayi anamutenga, anamuyang'ana kanthawi, n'kukamukwirira okha. Anayi aja anali atauma, atasanduka tinthu taubweya, timakosi tili pamtunda.

Mlangizi anafika dzuwa litapendeka, poti alamu aja anamutsatira mpaka kumudzi wachitatu kukamuitana. Anagwada n'kusuzumira m'chijasi. Kenako ananena kuti anapiyewo asaponde pabwalo kapena m'khola kwa milungu ingapo, kuti adzabwera ndi katemera wa m'maso, komanso kuti m'chisanu choterechi popanda thadzi afunika kufundidwa usana ndi usiku mpaka atamera nthenga.

Amayi anati zimenezo n'zosavuta. Anakonza katoni, anayalamo nsanza, anaikamo botolo lofunda, ndipo anabwera kudzatenga anapiye awo. Anatsegula chijasi n'kutambasula manja. Koma mphepo itangowakhudza, tianapiye tonse tinayi tinathawa manja a amayi, tinakwera pamimba pa a Mlonda n'kukadzipanikiza m'khwapa mwawo, tikulira. Anayesanso kachiwiri, ndipo kamene anakagwira kanalira mpaka anakabweza.

Amayi anakhala pansi, katoni ili pamiyendo. Mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo a Mlonda sanadziwe ngati akuseka kapena akulira, poti zonse ziwiri zinkatuluka pamodzi.

"Mayi, ndinalakwa," anatero a Mlonda.

"Munalakwa zedi," anayankha amayi, akupukuta maso ndi nsonga ya nsalu. "Koma tsekani mabataniwo, bambo. Ana akufuna mayi awo."

A Mlonda anatseka mabatani mpaka pakhosi, ndipo akazi awo anapita kukatereka madzi a botolo lina.