Mbama ya ku Etobicoke

Ababa anali ndi vidiyo sho ku Mangochi ubwana wanga wonse. Chihindi sankadziwa ngakhale liwu limodzi, koma ankakhala pambali pa TV ndi maikolofoni n'kumamasulira mafilimu a Amwenye m'Chichewa, zonse zochokera m'mutu mwawo. Anthu ankaseka mpaka kugwa pamabenchi. Kunja kwa chisakasa chimenecho anali munthu wolemekezeka, Msilamu woti mowa sanaulaweko chibadwire, woyamba kufika kumzikiti Lachisanu. Amayi atamwalira ndinawaitanitsa kuno ku Canada, ndipo ulemu umenewo ndiwo katundu yekha amene anabwera naye.

Miyezi yoyamba ankangokhala duu pawindo, osayankhula. Ndiye mnzanga wa kuntchito, mayi wochokera ku India, atandiuza kuti anthu akwawo achita lendi holo ku Etobicoke Lamlungu masana kuti aonetse filimu ya Chimarathi, chilankhulo chawo, ndinati mankhwala ndi amenewa. Sindinaganize zowachenjeza ababa kuti kuno filimu amaionera ngati ali pamaliro.

Magetsi atangozima, ababa anatsitsimuka. Pasikirini panatulukira nkhalamba ikukalipira mwana wake, iwo n'kuyambapo mokweza: "Iwe, mbuzi zanga wazisiya kuti?" Ndinaseka misozi ili mbwe, pakuti mawu amenewo ndinali nditawasowa. Ndinawanong'oneza kuti, "Ababa, tsitsaniko mawu," koma makutu awo anali atayamba kale kugontha.

Bambo wina kumbuyo kwathu anaponda mpando wawo ndi phazi. Kenako anatukwana m'Chingerezi. Ababa anayesa kuti nayenso akufuna kumva nkhani, anatembenuka akumwetulira kuti amufotokozere. Mbama inawapeza pomwepo. Magalasi anasweka n'kuwacheka pamwamba pa diso, kofia inauluka, iwo anagwera pakati pa mipando mutu n'kugunda chitsulo.

Ine mtima wanga ndi wapachala, ndinatengera amayi. M'manja ndinali ndi botolo lachitsulo la madzi. Ndinamumenya nalo pakamwa bamboyo mpaka ndinamva dzino likuthyoka, ndinamubwerezanso pamphuno. Mkazi wake anandikoka mpango kumbuyo n'kundikanyanga nawo pakhosi, ine ndinamuluma dzanja. Mpaka lero sindinong'oneza bondo. Magetsi atayaka, ababa anali akukwawa pansi kufunafuna kofia yawo, magazi akudontha pakapeti, mafoni onse ataloza iwo.

Apolisi anatifunsa zawozo, kuchipatala ababa anawasoka, tinabwerera kunyumba. Ndinkayesa kuti zathera pomwepo.

Amwenye a kuno ali ndi timawayilesi ta pa intaneti tomwe ntchito yake ndi nkhani za mafilimu, wakuti wasudzula wakuti, filimu yakuti yagwa chagada. Kena mwa ito kanaipeza vidiyo imene anthu anajambula pamafoni kuholo kuja. Mbama anaidula, botolo langa analidula. Anangosiya ababa akudzandira pakati pa mipando, n'kumapabwereza pomwepo uku ng'oma zikugunda, monga amachitira. Mnzanga uja, maso ali pansi, anandimasulira zimene mtolankhani wa pawayilesiyo ankakuwa: nkhalamba yoledzera ya ku Africa yasokoneza filimu. Wina anaikapo mawu a Chingerezi, ndipo vidiyo inayenda m'mafoni a Amalawi a kuno mpaka inakafika ku Mangochi.

Ndinayesetsa kuwabisira, koma mng'ono wawo anawatumizira kuchokera kumudzi, ndi funso pansi pake: "Achimwene, mwayamba liti?"

Anaionera kamodzi kokha n'kundibwezera foni. "Mwanawe," anatero, "ine ndanama zaka zambiri, koma ndinkanamizira anthu a m'filimu. Uyu wanamizira munthu wamoyo."

Ndinapsa mtima kwambiri kuposa tsiku la kuholo lija, koma womumenya panalibe. Ndinawalembera a wayilesiyo, sanayankhe. Ndinaimbira akuluakulu a kumzikiti, onse anati, "Pepani, tikudziwa ndi zabodza," koma mawu awo anali ozizira.

Lachisanu ababa anasamba, anavala mkanjo woyera, anadzola mafuta onunkhira. Ndinaliza galimoto n'kuwadikira panja mpaka ndinatopa. Nditabwerera m'nyumba kukawatenga, ndinawapeza atakhala pabedi, nsapato zili m'manja.

"Tiyeni ababa, tichedwa swala."

"Pita kuntchito," anatero osandiyang'ana. "Akandinunkhiza m'kamwa."