Bambo anadikira pakhomo la kukhitchini

Mwana wanga wamkazi ndinamulowetsa sukulu yapulaiveti ku Mutare, yoyendera, kumene m'mawa amaphunzira m'Chingerezi, masana m'Chifalansa. Ine wobadwira m'komboni ya esiteti ya tiyi ku Honde, ndinkayenda mapewa m'mwamba. Makolo anzanga akafunsa za kwathu, ndinkati bambo anga ankagwira ntchito kukampani ya tiyi. Sindinkanama, koma dengu la kumsana sindinkalitchula.

Mwanayo ali giredi 4, teremu yonse ankaphunzira za ulendo wa chakudya kuchoka m'munda kufika patebulo. Mphunzitsi atafunsa ngati pali wachibale wodziwa ulimi woti adzalankhule m'kalasi, mwana anakweza mkono: agogo ake anathyola tiyi moyo wawo wonse. Anawaimbira yekha foni, ine n'kudzamva zitapsa kale.

Tsikulo litafika, bambo anasita jekete lawo la kutchalitchi, nakwera kombi, minibasi yoyamba kunyamuka pa Hauna, kwathu ku Honde. Ine ndinali nditakhala kale m'kalasi pamodzi ndi makolo ena, pa timipando ta ana.

Ndinawaona pawindo. Mlonda atawatsegulira geti, sanalunjike khomo lalikulu lagalasi. Anazungulira kuseri, naima pakhomo la kukhitchini, chipewa kumanja. Ndi mmene ankachitira kunyumba ya manejala wa esiteti: munthu wa m'munda salowera kumaso, amaima kuseri mpaka aitanidwe. Palibe anawauza kuti tsiku limenelo mlendo wolemekezeka anali iwowo.

Kudzuka n'kukawatenga sikukanatha ndi mphindi ziwiri zomwe. Ndinayang'ana nsapato zawo zamatope, n'kuyang'ana amayi onunkhira amene ndinakhala nawo, manyazi opusa n'kundigwira miyendo. Sindinadzuke. Mwana wanga ankangocheukira kukhomo. Mphunzitsi atadikira pang'ono anaika kanema wa minda ya tiyi ya kunja, wofotokoza m'Chifalansa.

Titatuluka tinawapeza ataima pomwepo.

"Sekuru, munali kuti?" mwana anafunsa agogo akewo, misozi ikulengeza.

"Ndinali pompano, muzukuru. Abwana sanandiitane, kaya anatanganidwa. Hazvina mhosva, palibe kanthu."

Anapisa m'thumba la jekete natulutsa kansalu konyowa. Munali nsonga za tiyi, iliyonse masamba awiri ndi kamphukira, monga amathyolera wodziwa ntchito. Anali atafunsiratu pafoni kuti m'kalasimo muli ana angati, kuti aliyense agwire yake, ndi ina ya mphunzitsi. Zinali zitayamba kufota.

"Ukawapatse mawa anzako," anatero. "Uziike m'madzi."

Ndinawagulira chakudya m'tauni, ndinawaperekeza kukombi, ndipo anandithokoza kawiri chifukwa cholowetsa mdzukulu wawo sukulu yokongola chotero. Mawu amenewo amandipweteka mpaka lero.

Bambo anamwalira dzinja lotsatira akukhulupirira kuti sukulu ndiyo inawaiwala. Mwana naye amadziwa choncho. Sindinamuuzepo kuti mpando wanga unali pafupi ndi windo.