Mpata Umene Anandisiyira M'nyimbo Yachinayi

Chimbale cha mwana wa mlongo wanga ndinayamba kuchimvera m'kamwa mwa anthu. Milungu itatu yathunthu aliyense wokhala ndi makutu, kuyambira ku Bembeke mpaka pa Boma, anali atachimva, kupatula ine malume ake enieni. Sikuti mwayi unkasowa ayi. Ndinkachita kuzemba dala.

Anayamba ndi wometa tsitsi wa pamsika pathu. Wandikhazika pampando, makina ali pamutu, ndiye akuti, "Madala, mwana wanu uja waswa dziko! Rapu yotere kuno sinamvekepo. Ndikuikireni?" Ndinamuuza kuti ndabwerera kumeta, akafuna dansi akaitane azinzake. Lamulungu lake, aphunzitsi a kwaya anandiimitsa panja pa tchalitchi. Iwo amati nyimbo yopanda mawu anayi, akazi pamwamba amuna pansi, si nyimbo. "Kumeneku n'kukalipa chabe," anatero. "Munthu akungolankhula mothamanga ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Koma mawu ake ena ngakuya, ndisaname." Amayi ogulitsa kachewere m'mbali mwa msewu anagawikana pawiri. Ena amati mwanayo akunena zoona za umphawi wathu, ena amati zovala zake zokhazo zikukwana kumulowetsa ku ulapi. Koma onse ankamaliza ndi mawu amodzi: "Nyimbo yachinayi ija ndi ya inuyo ndi malemu alamu anu."

Apo ndiye mtima unkandiwira. Ndinkadziwa zimene ndinamuchita mwanayo, ndiye ndinangoti basi, wandiika m'nyimbo kuti dziko lonse lindiseke.

Ndifotokoze bwino. Ine ndi bambo ake tinacheka matabwa limodzi zaka makumi awiri kuphiri la Dedza, ndi sowo yaitali ya anthu awiri, makina asanachuluke. Chipika cha paini mumachigoneka pansanja, wina amakwera pamwamba, wina amaima m'dzenje. Wapamwamba amakweza sowo n'kutsata mzere, wapansi amakoka, utuchi wonse ukumuthira kumaso. Alamu anga anali apamwamba, ine wapansi, ndipo sitinasinthanepo. Phewa lawo lamanja linathyokapo ali anyamata, choncho sowo sankaikweza kamodzi ngati anthu ena. Ankaikweza kawiri, pang'ono kenako pang'ono, n'kufuula kuti, "Nayo!" Ine ndinkayankha, "Ndagwira!" n'kukoka. Tsiku lonse, chisanu chikhale chotani, nkhungu itaphimba mitengo, zinali zomwezo. Anzathu ankatiseka kuti sowo yathu imatsimphina, koma matabwa athu sankakhota.

Mwana wawo woyamba, woimba yemweyu, anakula akumva zimenezo. Atamaliza sekondale tinkafuna akaphunzire za nkhalango, kuti iye azidzagwira cholembera m'malo mwa sowo. Iye anasankha Lilongwe ndi nyimbo. Bambo ake ankangoseka. Ine sindinaseke.

Alamu anga anamwalira mwadzidzidzi zaka zitatu zapitazo. Tinamuimbira mwanayo tsiku lonse, foni yozima. Anafika mawa lake masana, titaika kale, anthu akusamba m'manja kuchokera kumanda. Anatsika panjinga yamoto, tsitsi lopota lili yaviyavi, thalauza likugwa. Akuti anali kojambulitsa nyimbo. Ine mkwiyo wanga amaudziwa m'mudzi monse. Pamaso pa anthu onse ndinamuloza chala. "Iwe, kuyambira lero dzina langa ndi mawu anga zisadzamveke m'zinyimbo zakozo. Ndipo pamanda pa bambo ako usadzapondepo ine ndili moyo." Kwathu kuno mawu a malume ndi olemera. Anagwada kwa mayi ake, n'kubwerera tsiku lomwelo.

Tsono chaka chino, mwezi wa Julaye, tinakonza zomanga chiliza cha alamu anga. Mwala tinali titauitanitsa, Lachisanu amuna a pabanja aukhazike, Loweruka ansembe adzadalitse. Mlongo wanga anabwera kwanga kawiri. Ulendo wachiwiri sanakhale n'komwe pamphasa. "Achimwene, mwana woyamba asaone chiliza cha bambo ake? Iye akuti sabwera pokhapokha mumuitane ndinu." Ndinamuyankha kuti munthu amene wanditukwana m'nyimbo ndimuitane bwanji. Anandifunsa ngati nyimboyo ndinaimva. Ndinati sindikusowa kuimva. Anangopukusa mutu. "Kandimverere anakanena za m'maluwa," anatero, n'kumapita.

Lachitatu la sabata imeneyo ndinapita pa Boma kukagula penti ndi simenti yotsala. Pobwerera ndinakwera minibasi, ndipo anandipanikiza kumbuyo kwenikweni, pakati pa mayi wina wonyamula nkhuku ndi mnyamata wa yunifolomu ya sekondale. Chitini cha penti pamiyendo, sipika pansi pa mpando wanga. Titangotuluka m'depoti, dalaivala anakweza wailesi. Ndinazindikira mawu nthawi yomweyo, chinali chimbale chija. Pothawira panalibe, ndikanatulukira pawindo?

Ndinene zoona, nyimbo zitatu zoyambazo sindinatolepo zambiri. Ng'oma yake inkandigunda m'mimba, mawu akuthamanga, Chichewa chosakaniza ndi Chingelezi. Anthu m'galimoto anayamba kukangana ngati ali pabwalo la milandu. Bambo wina wa jekete kutsogolo anati nyimbo zinatha kale m'dziko muno, ana a masiku ano amangobwebweta pa makina. Kondakitala anatembenuka, "Bwana, inu mumamvera ndi makutu akale. Ameneyu ndi wakwathu konkuno, akuimba za kachewere, za chisanu, osati za magalimoto amene alibe." Mayi wa nkhuku uja anati iye bola mulibe zotukwana, ana ake amamvera.

Kenako mnyamata wasukuluyo anati, "Koma yachinayi ikubwerayi analakwitsa. Biti yake imatsimphina. Imagunda kawiri, wina n'kufuula, kenako zii, palibe kanthu. Anzanga akuti wojambula anagona."

"Mpata umenewo ndiye kukoma kwake!" anatero kondakitala. "Sudziwa nyimbo iwe."

Ndinagwira chitini mwamphamvu, kudikira kutukwanidwa.

Inayamba ndi phokoso limene ndinali ndisanalimve zaka zambiri. Sowo ikudya paini. Osati ng'oma ya makina ayi, sowo yeniyeni, ikukwera pang'ono, kenako pang'ono. Ndiye mawu anatuluka pansi pa mpando wanga, mawu a munthu amene ndinamukwirira ndi manja angawa.

"Nayo!"

"Ndagwira!"

Ameneyo ndinali ine. Osati mu sipika, koma ine wamoyo, nkhalamba ya chitini pamiyendo, nditafuula m'minibasi yodzaza anthu. Sindinaganize n'komwe, pakamwa panangotseguka pokha, mikono n'kukoka pansi. Nkhuku inadzidzimuka. Anthu anaphulika kuseka, kondakitala mpaka kumenya chitseko. "Madala alowa m'nyimbo!" Koma sowo inakweranso kawiri, alamu anga anaitananso, panali zii, ndipo ndinayankhanso. Kachitatu kake palibe anaseka, chifukwa misozi inali ikutsikira pa penti.

Pamwamba pa sowoyo mwanayo ankalankhula, ndipo ulendo uno ankalankhula mwapang'onopang'ono moti ndinamva zonse. Ankanena za anthu awiri kuphiri, wina pamwamba wina pansi. Ankati wapamwamba ndi amene anthu amamuona, koma wapansi ndi amene amadya utuchi, ndipo yunifolomu yake yoyamba inachokera m'maso ofiira a munthu wa m'dzenjeyo. Dzina langa sanalitchule. Kutukwana munalibe ngakhale kumodzi.

Nyimbo itatha dalaivala anachepetsa wailesi yekha. Mnyamata uja anandifunsa mwaulemu chimene ndimayankhacho. Ndinawafotokozera onse za phewa lothyoka, za kukweza kawiri, za malo a wapansi. "Siikutsimphina chabe," ndinatero. "Pamene mukuti zii paja m'pamene ndinkaima ine." Bambo wa jekete uja anatembenuka n'kuuza dalaivala kuti aibwereze. Anaibwereza. Ulendo uno minibasi yonse, ndi mayi wa nkhuku yemwe, inkayankha kuti "Ndagwira!" mpaka pamene ndinatsikira.

Sindinapite kunyumba kwanga. Ndinalunjika kwa mlongo wanga, amene ndinamupeza akupalira anyezi kudimba, ndipo ndinamuuza andipatse nambala ya mwana wake. Sanafunse chifukwa. Anapukuta manja pachitenje n'kuimba yekha, kenako kundipatsa foni.

"Ndine malume ako."

Iye anati, "Wawa, amalume."

Ndinali nditakonza mawu ambiri m'njira, koma onse anathawa. Ndinangofunsa kumene anawatenga mawu a bambo ake. Anati anawajambula pa kafoni kake koyamba, chaka chathu chomaliza kuphiri, ife osadziwa.

"Nanga ine sindinkayankha tsiku limenelo?"

"Munkayankha, amalume. Koma munandiletsa, ndiye ndinawadula. Anzanga ankati ndiikepo ng'oma kapena ndiyankhe ndekha. Ndinakana. Malowo ndi anu. Mawu anuwo ndikadali nawo, sindinawataye."

Abale inu, manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire. Ine ndinkayenda m'mudzi ndikumutcha mwana wosamva, pamene iye anasunga lamulo langa loipalo zaka zitatu, mpaka kulola kuti anthu azinyoza nyimbo yake. Ndinamuuza kuti ndinalakwa. Mawu amenewa salowa bwino pakamwa panga, koma ndinawanena, mlongo wanga akumva. Ndinati Lachisanu m'mawa tikukhazika mwala, abwere, ndipo asazimitse foni.

Mpaka lero rapu sindimaimvetsa, ndipo aphunzitsi a kwaya ndimagwirizana nawobe pang'ono. Thalauza lija likadagwabe. Koma ndimathokoza. Ndimathokoza dalaivala amene sanandifunse ngati ndikufuna kumvera, ndi kondakitala amene anandikankhira kumpando wopanda pothawira. Ndimathokozanso mnyamata uja amene anati biti ikutsimphina, chifukwa anamva bwino, inkatsimphinadi. Koposa onse ndimathokoza mwana amene ndinamuthamangitsa, iye osandithamangitsa.

Lachisanu anafika dzuwa lisanathetse nkhungu. Anapereka moni kwa aliyense, ine n'kundigwadira. Tinapita kumanda, ngolo ili patsogolo ndi mwala. Pachipata anaima, kundiyang'ana. Ndinamukodola ndi mutu, analowa.

Mwalawo unali wolemera, ndipo panafunika anthu awiri kuutsitsa, wina pangolo wina pansi. Iye anakwera pangolo, ine ndinaima pansi monga kale. Anaudzutsa pang'ono, kenako pang'ono, n'kuuweramitsira kwa ine.

"Nayo, amalume."

"Ndagwira, mwana wanga. Ndagwira."