Chitseko cha ba Ketty

Ku komboni ya Matero, kuseri kwa msika, palibe amene sawadziwa ba Ketty osoka mayunifolomu a ana a sukulu. Anabadwira m'nyumba yomwe akukhalamoyo. Bambo awo anachokera ku Malawi kudzaphikira azungu, ndipo khonsolo itamanga tinyumba ta zipinda ziwiri, iwo analandira kamodzi. Makolo atamwalira, kanyumba kanatsalira ba Ketty kali momwemo: timawindo tating'ono, pansi pa simenti yofiira, ndi chitseko chochindikala cha mlombwa chokhomedwa nambala yachitsulo.

Anzawo onse mumsewumo anawonjezera zipinda, naika matailosi ndi mageti. Ba Rhoda a khomo loyandikana, amene sadutsa osasiya mawu, ankati, "Imwe ba Ketty, nyumba yanu inikumbusa bamalume banga bamene banafa kudala." Ba Ketty ankaseka nawo, koma mkati zinkawadya.

Tsiku lina kunafika mtsikana wa chipewa ndi tepi yoyezera, dzina lake Nsama. Ntchito yake ndi yofufuza nyumba zakale ndi kulangiza zoyenera kusungidwa. Anatumidwa kuti apeze nyumba imodzi ya ku Matero yosasinthidwa, yoti anthu azidzaonerapo mmene makolo ankakhalira. Anazungulira kanyumbako akusisita makoma ngati wapeza m'bale wake wosowa.

"Mami, iyi nyumba ni yakale maningi! Sininaonepo ina monga iyi."

Ba Ketty anayang'ana pansi. Yakale! Ndipo ba Rhoda anali atasuzumira kale pampanda.

"Mwezi ukasila nizabwela na bakulu ba nchito kukopa vithunzi," anatero Nsama, kenaka n'kuchonderera kuti, "Koma napapata, musagwile kalikonse. Isiyeni che mwamene ilili."

Apa ndi pamene panalakwika. Kuno mlendo akanena kuti "musavutike kuphika," mwini nyumba amayamba kuthamangitsa nkhuku. Ba Ketty anawamva momwemo mawu a Nsama: ulemu wa mwana woleredwa bwino, wosafuna kunena poyera kuti nyumbayo njochititsa manyazi.

Anaitanitsa mlamu wawo Jameson, wowotcherera zitsulo ku Kalingalinga. Makoma anapakidwa penti wonga papaya lakupsa. Timawindo tija anatigumula n'kuikapo akuluakulu a magalasi akuda. Simenti yofiira, imene amayi a ba Ketty anaipukuta chogwada moyo wawo wonse, inabisika pansi pa matailosi. Pakhomo panaima chitseko chachitsulo cha maluwa opotapota, ntchito ya manja a Jameson.

Mwezi utatha, pa tsiku la alendo, ba Ketty anavala chitenje cha kutchalitchi. Galimoto ya alendo inadutsa nyumbayo, kubwerera, kudutsanso. Ba Ketty anachita kuikodola ndi manja onse. Nsama anatsika pamodzi ndi mkulu wake wa kuntchito wa imvi, ba Kasonde, n'kungoima kukamwa kuli yasa.

"Mami... mwachita chani?"

"Nakonzako pang'ono, mwana wanga. Nanga bakulu bakope vonyansa?"

Ba Kasonde anavula magalasi, kuwapukuta, kuvalanso, koma nyumba inali ya papayabe. Anafotokoza mofatsa kuti chimene anadzera chinali ukale womwewo, ndipo kuti mmene yakhaliramu singasankhidwenso. Kenaka mkuluyo anafunsa, "Nanga chiseko chamene ananiuza Nsama chili kuti?"

Ba Ketty anayamba kukonza chitenje chimene sichinamasuke. Yankho linachokera pampanda.

"Chili kumbuyo, ba bosi! Banachiika ku toileti!"

Zinali zoona. Jameson sataya thabwa labwino. Alendo aja analunjika kuseri kwa nyumba, msewu wonse uli pambuyo pawo. Ba Kasonde anagwada pakhomo pa chimbudzi ndi kamera, Nsama akuyeza m'litali ndi m'lifupi, akuwerenga nambala mokweza. Ba Rhoda ndiwo ankauza anthu kuti asunthe, akutchinga dzuwa.

Nyumba inasankhidwa ina, kutsidya kwa msika. Mumsewu wa ba Ketty munatsala dzina: lero oyendetsa matakisi ukangowauza kuti "pa toileti ya mbili," kutanthauza chimbudzi chotchuka chija, safunsanso njira. Ba Ketty amapita kumsika molambalala. Koma akakhala ndi anthu owakhulupirira amanena kuti dzinalo si limene limawapweteka. Chimawapweteka n'chakuti potsanzikana, Nsama anawagwira dzanja ndi manja awiri, misozi ili m'maso, n'kunena kuti, "Pepani mami, ndine sininakambe bwino."